Dzimbiri la m'mapaipi a madzi otentha limadya phindu mwakachetechete

Chaka chilichonse chisanu cha Juni ndi Julayi chikayamba kuluma, malonda a zipangizo za madzi otentha amakwera. Eni malo ogona alendo ku Dedza, Mzuzu, Zomba ndi Mulanje amadziwa kuti mlendo amene wasambitsidwa madzi ozizira m'mawa wa chiperoni sabweranso. Eni saluni, malo odyera ndi ochapira zovala nawo amayatsa magiza amene anangokhala miyezi yonse yotentha. Apa ndi pomwe mavuto obisika amatulukira: mpopi ukutulutsa madzi ofiira, khoma lanyowa, siling'i yayamba kudontha.

Gwero la ambiri mwa mavuto amenewa ndi dzimbiri. Nkhaniyi ikukhudza anthu awiri. Woyamba ndi wamalonda amene bizinesi yake imadalira madzi otentha. Wachiwiri ndi wogulitsa mapaipi ndi zolumikizira zake m'hadiweya kapena pabenchi, kaya ndi ku Malangalanga ku Lilongwe, ku Limbe, ku Ndirande kapena ku Mzuzu. Onsewa ndalama zawo zili pachiswe, makamaka popeza magiza, mkuwa ndi bulasi zimachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kugula chipangizo chimodzimodzi kawiri kwasanduka chinthu chopweteka m'thumba.

Dzimbiri limayamba bwanji?

Dzimbiri limafuna zinthu zitatu: chitsulo, madzi ndi mpweya wa okosijeni. Zitatuzi zikakumana, chitsulo chimayamba kudyeka. Kutentha kumafulumizitsa kudyekako, n'chifukwa chake m'nyumba imodzi yomweyo paipi ya madzi otentha imayamba kuboola pamene ya madzi ozizira idakali bwinobwino.

Mapaipi achitsulo amene pamsika amatchedwa GI amakutidwa ndi zinki, monga mmene amakutira malata. Zinkiyo imadyeka m'malo mwa chitsulo. Koma madzi akapitirira madigiri 60, m'madzi a mitundu ina zinki imaleka kuteteza, ndipo chitsulo chimayamba kuchita timaenje mkati. Paipi yotere kunja imaoneka yabwino pamene mkati mwatha. Malo ofooka kwambiri ndi pa mathiredi, chifukwa podula mathiredi zinki imachoka ndipo paipi imapyapyala.

Mtundu wa madzi nawo uli ndi mbali yake. Madzi amchere, monga a m'mijigo yambiri ku Chikwawa ndi Nsanje, amadya chitsulo msanga. Madzi ena a pansi pa nthaka amakhala ndi laimu wambiri, amene amaundana n'kukhala zoyerayera mkati mwa ketulo. Zoyerazo si dzimbiri, koma zikakuta elementi ya giza zimaipangitsa kutentha mopitirira muyeso mpaka kupsa, komanso zimachepetsa njira ya madzi m'paipi. Kusiyanitsa n'kosavuta: laimu amachita thovu akathiridwa viniga, dzimbiri silichita. Wogulitsa wanzeru amafunsa kasitomala ngati madzi ake ndi a Water Board kapena a pamjigo asanamusankhire paipi.

Zitsulo ziwiri zikakumana

Cholakwika chofala kwambiri ndi kulumikiza paipi ya mkuwa mwachindunji ku paipi ya GI. Zitsulo ziwiri zosiyana zikagundana m'madzi zimakhala ngati batire laling'ono. Chimodzi chimadyeka, china chimatsala. Pa mkuwa ndi GI, chodyeka ndi GI. Ichi ndicho chifukwa chake dzimbiri lofiira limakonda kuunjikana pa joini pomwe pakumanira mapaipi awiriwa, pamene mbali zina zili zoyera.

Mankhwala ake ndi kuika cholumikizira pakati kuti ziwirizi zisagundane. Chabwino koposa ndi chokhala ndi pulasitiki mkati, chimene pa malonda amachitcha dielectric union. Chikasowa, cholumikizira cha bulasi chimachepetsako vutolo. Komanso madzi asamachoke m'paipi ya mkuwa kulowa ya GI, chifukwa amatenga tizidutswa ta mkuwa n'kukatisiya m'chitsulo momwe timayambitsa timaenje. Ngati palibe kuchitira mwina, GI ikhale kochokera madzi, mkuwa ukhale kutsogolo.

Kwa wogulitsa, apa pali malonda. Kasitomala akagula kachidutswa ka mkuwa kokakonzera nyumba yakale, funso loti akakalumikiza ku chiyani limabweretsa malonda a cholumikizira, komanso limamupulumutsa kasitomalayo kuti asadzabwere ndi mkwiyo.

Kuwerenga zizindikiro

Mtundu wa dothi la pa paipi umanena zambiri. Lofiira kapena lakhofi ndi la chitsulo. Lobiriwira ndi la mkuwa, ndipo nthawi zambiri limasonyeza kuti joini ikudontha pang'onopang'ono kapena kuti pulambala sanapukute mankhwala a flux atamaliza kuwotcherera. Loyera ngati ufa pa GI ndi zinki imene ikudyeka. Madzi akamatuluka ofiira ku mpopi wa madzi otentha okha, vuto lili m'giza kapena m'mapaipi ochokera ku giza. Akamatuluka ofiira ku mipopi yonse, vuto lili kumbuyo, ku paipi yolowetsa madzi kapena ku thanki. Mpopi wa madzi otentha ukamafooka mphamvu chaka ndi chaka, dzimbiri kapena laimu zatseka njira.

Kudontha kumene kumaoneka kochepa kumakhala ndi mtengo wake. Njira yodziwira ndi kutchera botolo la theka la lita pomwe pakudonthapo. Likadzadza pa ola limodzi, ndiye kuti patsiku pakutayika malita 12, pamwezi malita 360, omwe ndi zidebe 18 za malita 20. Ngati madziwo ndi otentha, magetsi nawo akutayika. Kutenthetsa malita 150 kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 kumadya mayunitsi pafupifupi 7, choncho malita 360 amapita ndi mayunitsi pafupifupi 17 mwezi uliwonse. Apo sitinawerengere penti ya khoma, siling'i ndi katundu amene anganyowe. Madzi akatayika sawoleka.

Kukonza kapena kusintha?

Dzimbiri la kunja kokha limachiritsika. Choyamba ndi kuzimitsa magetsi a giza ndi kutseka madzi, kenako kudikira kuti paipi izizire. Pamalopo pakwechedwe ndi bulashi ya waya ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale. Pambuyo pake papakidwe mankhwala osandutsa dzimbiri, amene ambiri amakhala ndi phosphoric acid, ndipo pakauma papakidwe penti ya red oxide kapena ina yopirira kutentha. Zobiriwira za pa mkuwa zimachoka ndi viniga ndi kansalu, koma pamalopo patsukidwe ndi madzi ndi kupukutidwa. Asidi wa batire asayandikire paipi, chifukwa amadya chitsulo chabwinocho ndipo amawotcha khungu ndi maso.

Koma ngati pokwecha paoneka timaenje, chitsulo chikusendeka ngati makungwa, kapena pamalopo pakutuluka thukuta la madzi, paipiyo yatha. Penti siingabwezeretse chitsulo chimene chadyeka. Kumanga ndi mphira ya chubu kumathandiza usiku umodzi kapena masiku awiri podikira pulambala, osati nyengo yonse. Pansi pa mphira chinyezi chimakhazikika ndipo dzimbiri limakula mofulumira. Ena amathamangira kwa owotcherera, koma kuwotcherera GI kumapsereza zinki pamalopo n'kusiya chitsulo pambalambanda, ndipo utsi wake woyera umadwalitsa wowotchererayo ngati malungo. Chofunika ndi kudula mbali yowonongekayo mpaka pomwe paipi ili yolimba. Ngati paipi imodzi yaboola kawiri kapena katatu m'malo osiyana, kusintha yonse kumatchipa kuposa kuitana pulambala mwezi ndi mwezi.

Paipi iti pa ntchito iti

Mapaipi a GI amabwera otalika mamita 6, ndipo masaizi oyenda kwambiri m'nyumba ndi hafu inchi, thiri kota ndi inchi imodzi. Makulidwe a chitsulo chake amasiyana, ndipo opangidwa motsatira muyezo wa ku Britain wa BS 1387 amakhala ndi mzere wa penti kumapeto: wabuluu ndi wapakati, wofiira ndi wokhuthala. Opepuka amatchipa koma salimba pa madzi otentha. Popeza penti aliyense atha kupaka, kulemera kwa paipi ndi makulidwe ake pomwe yadulidwa ndi umboni wodalirika kuposa mzerewo.

Mapaipi a pulasitiki a PPR, amene ambiri amakhala obiriwira, sachita dzimbiri. Amalumikizidwa ndi makina otenthetsa pa madigiri pafupifupi 260. A madzi otentha ndi olembedwa PN20 kapena PN25. A PN10 ndi a madzi ozizira. Dzuwa limawaononga, choncho akadutsa panja akutidwe. PVC wamba si wa madzi otentha konse, amafewa ndi kupindika. Kugulitsa PVC kwa munthu amene wanena kuti akukalumikiza ku giza ndi kudzikumbira dzenje. Mkuwa ndi wodula koma umapirira kutentha kwakukulu, n'chifukwa chake umayenera pafupi ndi moto komanso potulukira madzi pa giza ya sola, imene masana a Okutobala imatha kufikitsa madzi pafupi kuwira.

Chenjezo limodzi: m'nyumba zina waya wa earth amamangidwa ku mapaipi achitsulo. Mapaipiwo akasinthidwa n'kuikapo apulasitiki, wodziwa za magetsi aonetsetse kuti giza idakali ndi earth yake. Kupanda kutero, munthu atha kugwidwa ndi magetsi m'bafa.

Ndodo yobisika m'giza

Magiza ambiri amene amalonda amabweretsa kuchokera ku Johannesburg amakhala ndi thanki yachitsulo yokutidwa mkati. Kuwonjezera apo, mumakhala ndodo ya magnesium kapena aluminium yotchedwa anode. Ntchito yake ndi kudyeka m'malo mwa thanki. Ndodoyo ikatha, dzimbiri limatembenukira ku thanki yeniyeniyo, ndipo thanki yoboola siikonzeka. Ndi bwino kuiyang'ana chaka chilichonse kapena pakatha zaka ziwiri, ndipo kumene madzi ndi amchere pafupipafupi kuposa apo. Mtengo wa ndodoyi ndi kachigawo kochepa ka mtengo wa giza yatsopano, koma eni magiza ambiri sadziwa n'komwe kuti ilipo. Wogulitsa amene amasunga ndodozi, pamodzi ndi maelementi, ma thermostat ndi mphira zake, ali ndi katundu wopepuka, wosaonongeka pashelefu, amenenso amabweza kasitomala yemweyo.

Thermostat iikidwe pa madigiri 60. Kupitirira apo kumawonjezera dzimbiri, laimu ndi bilu ya magetsi. Kutsitsa kwambiri nakonso n'koopsa, chifukwa tizilombo ta Legionella, toyambitsa chibayo choopsa, timaswana m'madzi ofunda a pakati pa madigiri 20 ndi 45. Matendawa anadziwika mu 1976 atagwira anthu amene anasonkhana pa hotela ina ku Philadelphia ku America, ndipo eni malo ogona alendo ayenera kuwadziwa. Komabe madzi a madigiri 60 amawotcha khungu m'masekondi ochepa, choncho asakanizidwe ndi ozizira asanafike pamutu pa kasitomala wa saluni kapena pathupi pa mwana.

Giza iliyonse imakhalanso ndi valavu yotulutsa mphamvu ya madzi ikachuluka. Valavuyi ikamadontha osaleka kapena ikagwidwa ndi dzimbiri, isinthidwe. Kuitseka ndi pulagi kuti ileke kudontha ndi kusandutsa giza kukhala bomba. Pa giza pamalembedwanso mphamvu ya madzi imene ingapirire, monga 400 kPa kapena 600 kPa, ndipo valavu yolowetsa madzi igwirizane ndi nambalayo.

Boyila ya nkhuni

Chifukwa cha kuzima kwa magetsi ndi kudula kwake, malo ambiri ogona alendo, masukulu ogonera komweko ndi malo odyera amagwiritsa ntchito diramu la malita 200 logonekedwa pa ng'anjo ya njerwa, limene ena amalitcha donkey. Dzimbiri limaliukira mbali ziwiri: mkati ndi madzi, kunja ndi moto, mwaye ndi mvula. Phulusa lonyowa limadya zinki, choncho lisamaunjikane pa mapaipi, ndipo ng'anjo ikhale ndi kadenga. Moto usamayatsidwe diramu lilibe madzi. Matope a pansi atulutsidwe nthawi ndi nthawi kudzera pa mpopi wa pansi.

Chofunika kuposa zonse ndi paipi yopumira, yoimirira m'mwamba, yotseguka kumapeto, yopanda valavu. Nthunzi ikasowa potulukira, diramu limaphulika. Paipi imeneyi imatha kutsekeka ndi dzimbiri kapena zisa za mavu, choncho iyang'anidwe nyengo yozizira isanayambe. Ogulitsa madiramu nawo ali ndi udindo: diramu lomwe munali mankhwala a mbewu kapena a m'fakitale lisagulitsidwe kwa munthu wofuna kusungiramo madzi, ndipo lomwe munali petulo lisadulidwe kapena kuwotchereredwa, chifukwa mpweya wotsalira umaphulika.

Kwa abale a ku Britain

M'maiko ozizira monga Britain, kumene kuli Amalawi ambiri ogwira ntchito, boyila ya gasi imatenthetsa nyumba yonse. Madzi omwewo amazungulira m'mapaipi ndi m'zitsulo za pakhoma zotchedwa radiator. Popeza madziwo sasinthidwa, okosijeni wake amatha ndipo dzimbiri limachepa. Vuto limabwera pakakhala kudontha. Mwini nyumba akaona muvi watsika pansi pa 1 bar amawonjezera madzi, ndipo madzi atsopano aliwonse amabwera ndi okosijeni watsopano. Zotsatira zake ndi matope akuda achitsulo amene amakhazikika pansi pa radiator, n'kuichititsa kuzizira m'munsi pamene m'mwamba mukutentha. Kumeneko amatsuka mapaipi, kuthiramo mankhwala oletsa dzimbiri otchedwa inhibitor, ndi kuika sefa ya maginito yogwira matopewo. Mankhwala amenewo ndi a madzi ozungulira okha, sathiridwa m'madzi osamba kapena akumwa, choncho alibe ntchito m'giza ya kuno. Lamulo la kumeneko limati wogwira ntchito pa boyila ya gasi akhale wolembetsedwa ku Gas Safe Register, imene inayamba mu 2009, ndipo mwini nyumba ya lendi amayenera kuyezetsa zipangizo za gasi chaka chilichonse. Wochita lendi akaona dzimbiri pa boyila auze mwini nyumba, asatsegule yekha.

Kusamala katundu pabenchi

Dzimbiri silidikira kuti paipi ifike kwa kasitomala. Mapaipi a GI osanjikizana pamalo onyowa, popanda mphepo yodutsa, amachita zoyerayera m'masiku ochepa ndipo kasitomala amawayesa akale. Asanjidwe pa matabwa, motalikira ndi nthaka, mopendekeka pang'ono kuti madzi atsike. Pulasitiki yofunditsa isamatseke mbali zonse. Mathiredi apakidwe girizi pang'ono, ndipo tizivindikiro ta kumapeto tisachotsedwe. Amene amagulitsa katundu wosakaniza asaike zitsulo pafupi ndi matumba a feteleza kapena mchere, chifukwa ziwirizi zimakoka chinyezi ndipo zimadya chitsulo. Katundu wofika kale atuluke poyamba.

Pooda, kamaginito kakang'ono m'thumba ndi mlonda wabwino. Bulasi yeniyeni ndi mkuwa sizikokedwa ndi maginito. Cholumikizira chooneka chagolide chikamamatira ku maginito, ndiye kuti ndi chitsulo chopakidwa utoto, ndipo chidzachita dzimbiri. Chikakhala chopepuka modabwitsa, chipalidwe pang'ono ndi fayilo: bulasi ndi yachikasu mpaka mkati. Mapaipi akale ochotsedwa m'nyumba zogumulidwa ayang'anidwe mkati poloza kudzuwa. Amene achita zotupatupa mkati angagulitsidwe kwa opanga mageti, mabenchi ndi mashedi, osati a madzi.

Kunena zoona kumalipira

Malonda a hadiweya amayenda ndi mapulambala. Pulambala amene wachititsidwa manyazi pamaso pa bwana wake chifukwa cha joini yonyenga sabwereranso pabenchi imeneyo, ndipo amauza anzake. Kasitomala wogulitsidwa katundu wachinyengo ali ndi kokadandaula ku Competition and Fair Trading Commission, ndipo bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, lili ndi mphamvu zoyendera katundu wa pamsika. Lisiti yolembedwa bwino, yosonyeza mtundu ndi saizi ya paipi, imateteza wogula ndi wogulitsa yemwe pakabuka mkangano.

Wogulitsa atha kusunga katundu wa mitengo iwiri, wotchipa ndi wolimba, bola anene poyera kuti uyu ndi wa madzi ozizira, uyu ndi wa otentha. Asanatchule mtengo afunse mafunso atatu: madziwo ndi otentha kapena ozizira, akuchokera kuti, ndipo paipiyo ikalumikizidwa ku chiyani. Mwini bizinesi yodalira madzi otentha naye asankhe tsiku limodzi mu Epulo kapena Meyi, chisanu chisanafike, loyendera mapaipi ake onse ndi tochi ndi kansalu kouma, kukhudza joini iliyonse, kuyang'ana valavu ndi paipi yopumira, ndi kuitana pulambala wodziwa ntchito kuti aone ndodo ya m'giza. Nthawi imeneyo mapulambala amapezeka mosavuta ndipo pali mpata wofunsa mitengo m'mashopu angapo. Pofika Julayi, paipi ikaphulika usiku alendo ali m'zipinda, wamalonda amagula chilichonse chimene wapeza pa mtengo uliwonse umene wauzidwa.